Zaka ziwiri ndi Hilux ya dizilo, nditachoka pa njinga yamoto

Mkangano unayambira pamalo otsukira magalimoto ku Area 25, Loweruka lina masana, tikudikira anyamata kuti amalize kupukuta. Alamu anga amayendetsa Mark X yoyera, ndipo amaisamala ngati mwana wachisamba. Anaima pafupi ndi galimoto yanga n'kumamvetsera injini ikugunda, kenako anapukusa mutu. "Alamu, ndalama zonse zija mwagulira thalakitala? Imeneyi mungamve nayo kukoma kwa msewu?" Mnzathu wina wa Golf ya dizilo anailowerera nkhaniyo, mnyamata wa kabaza amene ankatsukitsa njinga yake pambali nayenso anaponyapo mawu, mpaka dzuwa linapendeka tisanagwirizane. Ine ndinalankhula zochepa tsiku limenelo chifukwa galimotoyo inali itangotha miyezi itatu m'manja mwanga. Pano yakwanitsa zaka ziwiri, ndayenda nayo makilomita opitirira 60,000, ndiye ndikhoza kuyankha ndi mtima wokhazikika.

Ndiyambe ndi kumene ndachokera, chifukwa ndi kumene kumachititsa kuti ndiziona nkhaniyi mosiyana ndi anzangawo. Kwa zaka zisanu ndi zitatu ndinkagwira ntchito yoyendera makalabu a alimi m'maboma a Dedza ndi Ntcheu, ndipo mwendo wanga unali Yamaha AG 200. Amene munagwirapo ntchito ya kumudzi mukuidziwa: tcheni chake ndi chotsekeredwa m'kabokosi kuti matope asachifike, ili ndi zoimikira mbali zonse ziwiri, kaliyala kutsogolo ndi kumbuyo, injini ya 196cc. Si njinga yampikisano. Inapangidwira m'mafamu, ndipo ikafika pa liwiro la makilomita 80 pa ola imakhala ikulira ndi mtima wonse. Koma liwiro ndinaliphunzirira pamenepo, ndi chifuwa, ndi mawondo, ndi maso otuluka misozi chifukwa cha mphepo ya ku Bembeke.

Nditasiya ntchito n'kuyamba kugula ndi kugulitsa mbewu, njinga inabwerera kwa eni ake. Ndinafuna galimoto yoti izinyamula matumba mkati mwa sabata, Lamlungu n'kutenga banja kupita kutchalitchi. Ndinapeza Toyota Hilux ya 2012, ya zitseko zinayi, injini ya 3.0 D-4D, magiya asanu osintha ndi dzanja, yokoka matayala onse anayi ukafuna. Ndi ya mtundu umene umapangidwira ku Durban, ku South Africa, ija ili ndi kamphuno pa boneti kolowetsera mphepo. Inali itayenda makilomita 212,000. Ndinaigula patangopita miyezi yochepa kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndiye za mtengo tisakambe zambiri. Inandipweteka, ndipo mayi a kunyumba anakhala sabata yathunthu akuiyang'ana ndi diso la kumbali.

Ulendo woyamba wautali unali wa ku Blantyre. Ndinanyamuka m'bandakucha, msewu uli zii. Nditadutsa Nathenje ndinatsegula wailesi pang'ono, dzanja limodzi pachiwongolero, maganizo ali pa mitengo ya soya. Galimoto inkangoyenda phee, ngati ndakhala pampando wa pabalaza. Mumtima ndinkati ndili pa 80, chifukwa thupi langa linazolowera kuti 80 ndiye pamene zinthu zimayamba kuthamanga. Nditaponya diso pa kamuvi ka liwiro ndinapeza kali pa 125. Ndinachotsa phazi msangamsanga, mtima ukugunda. Chimene chinandiopsa si nambalayo ayi, koma kuti panalibe chilichonse chondiuza. Panalibe mphepo, panalibe kunjenjemera, injini inali pansipansi ngati munthu wong'ung'udza nyimbo ali pa ntchito yake.

Nkhani yonse ya galimoto imeneyi yagona pamenepo. Hilux ya dizilo imabisa liwiro. Njinga imaliulula lonse, mwina mpaka kuwonjezera.

Ndakhala ndikuganizira chifukwa chake m'maulendo ambiri a pa M1. Thupi la munthu silimva liwiro lenilenilo. Limamva kusintha kwake: kukankhidwira kumpando, kuponyedwa kutsogolo, kupendekera kumbali pakhona. N'chifukwa chake munthu amamwa tiyi m'ndege osataya ngakhale dontho. Zotsalazo timaziyerekeza ndi maso ndi makutu. Ukakhala pafupi ndi phula, miyala ndi mizere yoyera zimadutsa mofulumira m'maso, ubongo n'kunena kuti tikuthamanga. Mu Hilux umakhala pamwamba, maso amaona kutali, zinthu zimabwera mwaulesi. Ndiye onjezanipo injini ya dizilo imene sikonda kuzungulira kwambiri. Pa giya yachisanu, ukuyenda 100, kamuvi ka injini, kosonyeza kuti ikuzungulira kangati pa mphindi, kamakhala katangopitirira 2,000 pang'ono. Khutu silimva mantha alionse. Koma msewu sunama: pa 100 galimoto imadya mamita pafupifupi 28 pa sekondi iliyonse. Bwalo lonse la mpira limatha masekondi anayi asanakwane. Ndipo galimoto yake ikulemera pafupifupi matani awiri musanaikemo thumba ngakhale limodzi.

Pa njinga nkhani ndi ina. Chilimwe chathachi mphwanga, amene akugwira ntchito yonga imene ndinkagwira ine, anabwera ndi AG yake kumudzi, ndipo ndinamupempha kuti ndikazungulireko. "Malume, mukukumbukirabe magiya?" Miyendo inakumbuka yokha. Ndinatuluka pa msewu wafumbi n'kulowa pa tala, ndikukweza magiya imodziimodzi. Pa 40 mphepo imangokusisita. Pa 60 jekete imayamba kukupiza kumsana, pha pha pha. Pa 75 mphepo imakukankha pachifuwa ngati munthu wokuletsa kulowa m'nyumba, chipewa chimafuna kukweza chibwano, magalasi oonera kumbuyo amanjenjemera mpaka chithunzi chimasungunuka, ndipo zala zimachita dzanzi ndi kugunda kwa injini. Mphamvu ya mphepo simakwera mofanana ndi liwiro: ukachulukitsa liwiro kawiri, iyo imachuluka kanayi. Ndiye kuchoka pa 40 kufika pa 80, chifuwa chimalandira katundu wochuluka kanayi. Palibe chifukwa choyang'anira kamuvi. Thupi lonse lasanduka kamuvi.

Ndipo pali zina zimene galimoto yotseka magalasi imakubisira. Pa njinga umadziwa kuti watsikira m'dambo chifukwa kuzizira kumakumenya m'mawondo mwadzidzidzi, n'kukusiya ukangoyamba kukwera. Umanunkhiza uvuni ya njerwa usanaione. Ukamadutsa pa Lizulu tsiku la msika fungo la tomato, anyezi ndi kabichi limakulowa mpaka kukhosi. Thiraki ya mafuta ikamabwera kutsogolo umadzikonzekera, mawondo n'kukanikiza thanki, chifukwa ukudziwa kuti ikangodutsa mphepo yake ikumenya mbama, kenako n'kukukokera pakati pa msewu. Pakhona sumatembenuza chiwongolero ngati m'galimoto. Umapendekeka, phula limayandikira bondo, mtima n'kukwera kummero. Tsiku la njinga ya mphwanga lija sindinapitirire 80, koma nditabwerera manja ankanjenjemera ndi chimwemwe, zimene Hilux sinandipatseko ngakhale tsiku limodzi pa msewu wowongoka.

Ndiye alamu anga amanena zoona? Pa msewu wowongoka, inde, theka lake. Tinasinthana makiyi tsiku lina tikupita ku Salima. Mark X ili ndi injini ya petulo ya masilinda asanu ndi imodzi, ya malita 2.5, ndipo imakankha ndi matayala akumbuyo. Umakhala pansi, miyendo itatambasuka, ngati wagona pa mkeka wothamanga. Ukaponda moto siyankha nthawi yomweyo ndi chibakera. Imayamba mofatsa, kenako mawu amakwera, amakwerabe, kupitirira 5,000, kupitirira 6,000, ndipo pamene dizilo ikanakhala itatha kale mpweya iyo m'pamene ikuyamba kuimba. Kukoma kwake kuli m'khutu ndi m'kudikira. Ndinatsika ndikumwetulira, ndipo ndinawauza alamuwo kuti galimoto yawo ndi yokoma. Iwo anatsika mu Hilux akudandaula kuti angoti aponde, giya yatha, asinthe, aponde, yathanso. N'zoona. Injini ya 3.0 D-4D mphamvu zake zonse, 120 kW, imazipereka pa 3,400, ndipo kupitirira pamenepo ukungowononga dizilo ndi kuchulukitsa phokoso. Munthu wozolowera petulo amafika pamenepo msanga n'kuganiza kuti galimoto yafooka.

Koma alamu anayesera galimoto yanga pamalo olakwika. Dizilo sumuyesa pa chigwa. Mutengereni ku Khwekhwerere.

Amene simunadutsepo, ndi msewu umene umachoka pa M1 pa Masasa n'kutsetsereka phiri mokhotakhota mpaka ku Golomoti, kumene umakumana ndi msewu wa kunyanja. Potsika maso amadya bwino, chigwa chonse chili poyera mpaka kunyanja kukakhala kopanda nkhungu. Pokwera ndi pamene galimoto imaulula za kumtima kwake. Ine ndimakwera kawirikawiri ndili ndi matumba khumi ndi awiri a makilogalamu 50 kumbuyo, ndi anthu awiri kapena atatu mkati. Pakhona lothina umatsika mpaka liwiro la munthu wothamanga, giya yachiwiri, kamuvi ka injini kali cha m'ma 1,500. Ukangotuluka pakhonapo n'kuponda pang'ono, osati mpaka pansi, pang'ono chabe, umamva kamluzu ka turbo, kachipangizo kokankhira mpweya wambiri mu injini, kuchokera pansi pa boneti, kenako mpando umakukankha pamsana. Sikukankha kwaukali. Kuli ngati ng'ombe ziwiri zamphamvu zikakoka ngolo m'matope, goli n'kulira, ngolo n'kutuluka. Umaika yachitatu, imakokabe chimodzimodzi. Matumba aja ngati mulibe. Mphamvu yopotokola ya injini imeneyi ndi 343 Nm, ndipo imabwera yonse kuyambira pa 1,400 mpaka cha m'ma 3,200, kutanthauza kuti pafupifupi paliponse pamene phazi lako lili, mphamvu ilipo kale, sufunika kukaifuna kumwamba.

Tsiku lina ndinapeza minibasi itadzaza ikukwawa pa chitunda chimenecho, utsi uli tolotolo, kondakitala atatsika kale akuyenda pambali ndi mwala m'manja kuti aike kutayala ikangobwerera. Pamalo pooneka bwino ndinaidutsa pa giya yachitatu, kamuvi ka liwiro kali pa 50 basi. Makumi asanu okha! Koma kumva kumene ndinamva pamsana kunali kokoma kuposa 125 ya ku Nathenje ija. Mkulu wina amene ndinamutenga ku Golomoti, atakhala chete ulendo wonse, anangoti, "Koma ili ndi chifuwa iyi, bwana." Mawu amenewo ndi amene ndimawagwiritsa ntchito mpaka lero anthu akandifunsa. Mark X ili ndi mawu, njinga ili ndi mphepo, Hilux ili ndi chifuwa.

Chifuwacho chimachokera m'mapangidwe a injini. Ya dizilo ilibe mapulagi oyatsira moto. Imapanikiza mpweya wokhawokha mpaka utatentha kwambiri, kenako n'kupoperamo dizilo amene amayaka yekha. Kuti ipirire kupanikiza kotereko zitsulo zake zimakhala zolemera, ndipo pisitoni imayenda mtunda wautali, ndiye singazungulire mofulumira ngati ya petulo, koma kugunda kulikonse kumakhala kwa nkhonya. Ikani turbo pamwamba pake, mwapeza ng'ombe ija.

Apa ndiyenera kumuchitira chilungamo mnzanga wa Golf, chifukwa iye ndi amene anandionetsa kuti dizilo si wa mapikapu okha. Yake ndi 2.0 TDI yochokera ku UK, ya mahatchi 140 ndi 320 Nm. Taonani nambala yachiwiriyo: yatsala pang'ono kufanana ndi ya Hilux, koma ili m'galimoto yaing'ono, yopepuka, yokhala pansi. Ukaponda pa giya yachitatu kuti udutse thiraki, mutu umagunda kumpando usanamalize kuganiza. Pa magalimoto onse atatu, imene imadutsa mathiraki mosavuta pakati pa 60 ndi 100 ndi imeneyo, ndipo mafuta imangonyambita. Ndikanakhala kuti ntchito yanga ndi ya pa tala pokhapokha, Lilongwe, Blantyre, Mzuzu, ndikanaiganizira kwambiri. Chimene ndimachenjeza anthu ndi chakuti magalimoto ambiri a dizilo a ku Ulaya ali ndi sefa ya mwaye m'paipi ya utsi, imene imafuna ulendo wautali kuti itenthe n'kudziyeretsa. Munthu wongoyenda kuchoka ku Area 47 kupita ku City Centre n'kubwerera, tsiku ndi tsiku, akuiitanira matenda. Komanso mimba yake ili pafupi ndi nthaka. Njira zimene ine ndimalowa kukagula mtedza singafikeko.

Tsopano zimene sindizikonda, chifukwa zilipo ndithu.

Ikakhala yopanda katundu, Hilux imadumpha. Kumbuyo kuli masipuling'i a zitsulo zosanjikiza, opangidwira kunyamula, ndiye akakhala opanda ntchito amabwezera bampu iliyonse kwa anthu okhala mpando wakumbuyo. Amayi anga, amene msana umawavuta, anandiuza poyera kuti bola basi. Ndinaphunzira kusiya matumba awiri a mchenga kumbuyo ndikamayenda ndi banja, ndi kuchepetsako mpweya wa matayala akumbuyo kufika pa mlingo wa galimoto yopanda katundu umene unalembedwa pachitseko. Zimathandiza, koma sizisanduka Mark X. Kupepuka kwa kumbuyoko kumaopsanso mvula ikangoyamba kugwa: pa raundabauti, giya yachiwiri, ukaponda mosasamala, chifuwa chija chimazunguza matayala akumbuyo ndipo mchira umafuna kutsogola. Zinandichitikira kamodzi, pang'ono, ndipo sindinafunenso kachiwiri. M'tauni ndi yaitali, pokhota imafuna bwalo, ndipo kupeza poimika mu Limbe masana ndi ntchito. M'mawa wa June ikamalira imagogoda ngati anthu akusula makasu, mpaka itenthe.

Koma chachikulu ndi chija ndayamba nacho. Mabuleki ake ndi abwino pa galimoto ya mtundu wake, kutsogolo madisiki, kumbuyo madiramu, koma sangasinthe masamu. Ukachulukitsa liwiro kawiri, mtunda woimira umachuluka kanayi, chimodzimodzi mphepo ija. Madzulo ena ndikuchokera ku Ntcheu, pa chigawo chija msewu umayenda m'malire ndi Mozambique, ndinali ndi matumba asanu ndi atatu a mbatatesi, ndikuyenda mwina 105 osadziwa. Kutsogolo kunali bambo wa njinga yakapalasa atasenza matumba atatu a makala, opingasa. Tayala lake linagwera m'mphepete modyeka mwa phula, njinga inagwedezeka n'kulowa mumsewu. Ndinaponda buleki ndi mphamvu zanga zonse. Chopondera chinanjenjemera pansi pa phazi, ABS ikugwira ntchito yake yoletsa matayala kuuma n'kutsetsereka, mphuno ya galimoto inagwada, matumba anagunda kumsana kwa kabini, gu! Ndinaona makala akukula m'galasi, ndinaona chingwe cha mphira chomangira, ndinaona ngakhale chigamba pa malaya a bamboyo. Galimoto inaima patatsala mwina mkono umodzi. Bamboyo anatembenuka, anandiyang'ana, anakweza dzanja, n'kupitiriza kukankha njinga yake. Ine ndinaimika pambali ndipo ndinakhala mphindi khumi miyendo ikukana kugwira ntchito.

Ndikanakhala pa AG sindikanafika pa liwiro limenelo, ndipo ngakhale ikanatha kufika, thupi likanandiletsa kalekale. Njinga imakuopseza tsiku lililonse, ndiye umaipatsa ulemu. Galimotoyi imakunyengerera. Kuyambira tsiku limenelo ndinadziikira lamulo loyang'ana kamuvi pafupipafupi monga mmene ndimayang'anira galasi, ndipo ndikaona chikwangwani cha 50 pa malo a malonda ndimatsika giya, osangochotsa phazi, kuti khutu limve kuti tachepetsa. Sindichita izi chifukwa choopa kamera ya apolisi yokha. M1 si msewu wa magalimoto okha. Ndi msika, ndi njira ya ana a sukulu, ndi podutsa mbuzi.

Sindikunena kuti njinga ndi yotetezeka, ayi ndithu. Ndili ndi chipsera pa bondo lamanzere chimene ndinachipeza pa mchenga wa njira ina yotsikira kudambo, ndikuyenda 30 yokha. Chimene chimakupatsa kukoma pa njinga, kusowa kwa khoma pakati pa iwe ndi dziko, ndi chomwecho chimene chimakuthyola. Mnyamata wa kabaza uja wa kotsukira magalimoto ananena monyadira kuti Boxer yake imatisiya tonse pa mzere wa magalimoto a m'mawa, ndipo sananame. Kuyambira pa roboti kufika pa roboti ina palibe amene angamugwire. Koma analibe chipewa, ndipo anavala masilipasi. Ndinamuuza kuti, "Achimwene, mutu ulibe sipeya," iye n'kuseka. Aliyense amene anakazondako wodwala ku wodi ya mafupa akudziwa kuti mabedi ambiri agonapo ndani masiku ano. Zimandiwawa chifukwa ndimaikonda njinga, ndipo ndikufuna anyamatawa akalambe akuikwerabe.

Za mafuta ndilibe dandaulo. Ndimalemba m'kabuku nthawi iliyonse ndikamwetsa. Pa ulendo wautali, wopanda katundu wambiri, ndikuyenda mwaulemu, imandipatsa makilomita 11 pa lita. M'tauni ndi m'njira zafumbi imatsika kufika 9. Thanki yake ndi ya malita 80, ndiye Lilongwe kupita ku Blantyre kudzera pa Zalewa n'kubwerera ndimayenda ndi thanki imodzi, n'kutsalako wozungulira nawo m'tauni. Ndalama zina zimene ndimakonzeratu ndi za pa zipata za Kalinyeke ndi Chingeni. Poyerekeza, AG inkandipatsa makilomita cha m'ma 30 pa lita, ndiye amene akuchoka pa njinga akonzekere kuti thumba lidzamva kusinthako.

Phunziro lowawa ndinalipeza kumapeto kwa 2024, nthawi ija mizere ya mafuta inkagona pa mafiling'i usiku wonse. Ndinali ndi katundu wa munthu woti afike m'mawa, geji ili pansi. Ndinagula malita 20 a m'chigubu kwa munthu wina m'mphepete mwa msewu, usiku, ndikuunikira ndi foni. Ankaoneka bwinobwino. Nditayenda makilomita ngati khumi ndi asanu, nyale ya fyuluta inayaka, galimoto inayamba kutsokomola, mphamvu n'kuthawa. Ndinaima, ndinatsegula boneti, ndinamasula kakoko ka pansi pa fyuluta n'kuchingira botolo. Zimene zinatuluka poyamba sanali dizilo: anali madzi, otuwa ngati otsukira mpunga, dizilo akuyandama pamwamba. Ndinapopa ndi kapampu ka pamwamba pa fyuluta mpaka kanalimba, ndinaliza, inayenda. Koma patapita milungu itatu inayamba kugogoda modabwitsa ikazizira ndi kutulutsa utsi woyera. Ma injekitala awiri, tizipangizo topopera dizilo mu injini, anali atapita.

Apa m'pamene pali kusiyana pakati pa D-4D ndi ma dizilo akale aja a 2.8 ndi 3.0 opanda turbo, amene anthu amati amamwa chilichonse. Iyi imapopa dizilo pa mphamvu yoposa ma bar 1,000, pamene tayala la galimoto limangofuna awiri ndi kanthu. Timabowo ta ma injekitala ndi tating'ono kuposa tsitsi lokhuthala, ndipo dizilo yemweyo ndi amene amafewetsa zitsulo za pampu. Madzi kapena palafini zikalowa, zitsulozo zimadyana. Ndalama imene ndinalipira ikanagula njinga yogwirapo kale ntchito. Ndipo si makaniko aliyense angazigwire: injekitala yatsopano ili ndi manambala ake amene amayenera kulowetsedwa mu kompyuta ya galimoto. Galaja yoyamba imene ndinapitako sanachite zimenezo, galimoto inatuluka ikugogodabe, mpaka ndinakapeza mkulu wina wodekha amene ali ndi makina ake. Iyeyo ndi amene anandilangizanso kuti pa injini imeneyi mawashala a pansi pa ma injekitala azisinthidwa nthawi yake isanapitirire, chifukwa akayamba kudontha mwaye umalowa mu oyilo n'kutseka kasefa ka pansi. Cholakwa pa nkhani yonseyi sichinali cha galimoto. Chinali cha chigubu chija ndi changu changa. Panopa ndikaona kuti mafuta ayamba kuvuta ndimaimika galimoto, katundu ndimakamba ndi mwini wake.

Kupatula zimenezo, m'zaka ziwirizi ndasintha zinthu zodyeka basi. Lamba wa taiming'i ndinasintha nditangoigula chifukwa panalibe pepala losonyeza kuti anasinthidwapo. Amayenera kusinthidwa pa makilomita 150,000 alionse, ndipo pali nyale yokumbutsa, koma nyale munthu akhoza kuizimitsa osasintha lamba. Oyilo ndimasintha pa makilomita 5,000 alionse chifukwa cha fumbi la njira zanga, fyuluta ya dizilo ndimayenda ndi yapadera pansi pa mpando. Mashoko akutsogolo, mabushi, mapadi a buleki kawiri. Kalachi ikadali yomwe ndinaipeza. Ndikafika pamalo nditakwera phiri kapena nditathamanga, ndimaisiya ilire kaye mphindi imodzi ndisanazimitse, kuti turbo izizire oyilo akuyendabe. Masipeya ake sasowa, kaya ku Lilongwe, ku Blantyre, ngakhale m'matauni ang'onoang'ono, ngakhale kuti muyenera kutsegula maso chifukwa achinyengo ndi ambiri kuposa enieni, makamaka mafyuluta.

M'dzinja ndi pamene ndimaiyamika kwambiri. Kagiya kena ka pambali, kosankhira kukoka ndi matayala awiri (H2), onse anayi (H4), kapena onse anayi mwapang'onopang'ono koma mwamphamvu (L4), kandichotsa m'malo amene kale ndinkatsika pa njinga n'kumakankha matope ali m'mawondo. Pa L4, giya yachiwiri, phazi litangokhudza, imayenda yokha ngati fulu, matayala akufufuza pogwira. Liwiro lake mwana woyenda pansi akhoza kukupitirira, komabe ndi nthawi imene ndimamva kuti ndikuyendetsa chinthu champhamvu.

Ndiye kwa munthu amene akufuna kumva mtima ukuthamanga Lamlungu masana pa msewu wa ku Salima, ndinganene mosabisa kuti asagule galimoto iyi. Adzakhumudwa, kapena choopsa kwambiri, adzaithamangitsa kufunafuna kumva kumene sikudzabwera mpaka zinthu zitaipa. Agule ya petulo yokhala pansi, kapena aphunzire njinga bwinobwino, agule chipewa chenicheni, jekete, magolovesi ndi nsapato zotseka akakolo. Koma amene moyo wake uli ndi matumba, zitunda, matope ndi maulendo a makilomita mazanamazana, ndipo akhoza kudziletsa pa dizilo wa m'zigubu, Hilux 3.0 D-4D yosamalidwa bwino ndi ndalama yogwira ntchito. Pogula, pitani m'mawa injini isanalizidwe, muimve ikudzuka yozizira, muone utsi wake, ndipo mutenge makaniko wokhala ndi makina owerengera ma injekitala. Ine ndikanati ndibwerere m'mbuyo ndikanagulanso yomweyi.

Alamu anga sanagonjebe, ndipo sindikuwakakamiza. Koma mwezi wathawu tinali ndi maliro kumudzi kwa akazi awo, kuseri kwa Mua, mvula itagwa masiku atatu. Mark X inatsala pa sitolo ina m'mphepete mwa tala, mlonda atapatsidwa kangachepe. Alamuwo anakwera kutsogolo kwa thalakitala ija, kumbuyo kuli matumba a ufa, nkhuni ndi azimayi asanu ndi mmodzi a kwaya. Pobwerera tinakwera Khwekhwerere dzuwa likulowa. Titatuluka pakhona lachitatu, turbo italiza kamluzu kake, ndinawaona akuyang'ana kamuvi, kenako akuyang'ana phazi langa.

"Alamu," anatero, "taimani apo pali potakasuka. Ndiyendetseko mpaka pa Masasa."